Za Njala ya Mitengo Yobzala ndi Mankhwala Ake



Chaka ndi chaka, mvula ikakhazikika, timaona anthu atasenza mbande pamutu ndi panjinga, alikunka nazo kumunda, kusukulu ndi m'mbali mwa mitsinje. Boma lidaika nyengo yobzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, ndipo pa masiku amenewo maenje amakumbidwa osawerengeka. Koma tikadzeranso pamalo pomwepo m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tipezapo chiyani? Kawirikawiri tipeza timitengo tachikasu ndi tonyentchera, tina titauma kunsonga, tina titaferatu. Mwini wake apukusa mutu nati, "Nthaka yathu siifuna mitengo imeneyi," ndipo chaka chinacho safunanso kubzala. Tsono mayi apitiriza kulawira mbandakucha kukafuna nkhuni kutali, ndipo mnyamata wofuna kumanga nyumba yake yoyamba agula nsichi ndi phaso ndi ndalama zimene zikadamgulira mbuzi.

Mau amene tifuna kukuuzani mwezi uno ndi awa: mtengo umamva njala monga momwe chimanga chimamvera njala, ndipo mitengo yambiri imene timati yakana nthaka, siidakane nthaka ayi, koma idasowa chakudya kumizu. Anthu ofufuza za nkhalango adavutika nayo nkhani imeneyi zaka zambiri, m'maiko ambiri, kufikira adapeza gwero lake. Zimene adapezazo sizili za akuluakulu a Boma okha. Zikhudza aliyense amene ali ndi machubu makumi awiri kuseri kwa nyumba.

PAINI WOKANA KUKULA

Mitengo ya paini imene tiiona pa phiri la Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa si ya kwathu kuno. Mtundu umene udabzalidwa kwambiri, wotchedwa Pinus patula, kwao ndi ku mapiri a dziko la Mexico, monganso bulugama kwao ndi ku Australia. Pamene a za nkhalango adayamba kuyesa paini m'dziko lino, nthawi imene linkatchedwa Nyasaland, adabwera ndi njere zokhazokha, pakuti njere ndizo zosavuta kunyamula pa ulendo wa panyanja. Njerezo zinkamera bwino ndithu, koma pakapita miyezi yowerengeka mbande zinkaima osakula, masamba nkuchita chikasu, zambiri nkufa. Madzi ankathirira, udzu ankazulira, mthunzi ankaumangira, koma zonsezo sizidathandize. Bambo J. B. Clements, amene anali mkulu woyang'anira nkhalango za dziko lino, adalemba mbiri ya paini mu 1941. Mitundu yambiri ya paini idakanika kufikira pamene adayamba kuthira m'nazale dothi lotapa pamalo pamene paini adakula kale bwino. Atatero, mbande zidabiriwira.

Zimenezi sizidachitike kuno kokha. Ku Western Australia, Bambo S. L. Kessell adalemba mu 1927 kuti paini wa m'nazale zatsopano amalira kanthu kena kamoyo ka m'dothi, kamene m'nazale zakale kalimo. Pa chilumba cha Puerto Rico, m'nyanja ya Caribbean, adayesa paini zaka zoposa 20 osaphula kanthu. Mu 1955 adaitanitsa dothi pang'ono kuchokera m'nkhalango ya paini ya ku North Carolina, m'dziko la America. Adagawa mbande pawiri: zina adazithira dothi lachilendolo, zina adazisiya chomwecho. Posakhalitsa kusiyana kudaonekera poyera: zothiridwa dothi zidabiriwira ndi kutalika, pamene zinazo zambiri zidafa.

Taonani nzeru ya ofufuzawo, pakuti ndi nzeru imene ngakhale ife tingathe kuitsata. Sadathire dothi mbande zonse, koma adasiyako zina kuti zikhale mboni. Munthu akasintha chinthu chimodzi chokha, nasiya zina zonse monga zinaliri, pamenepo adziwa chimene chachiritsa.

BWENZI LA PANSI PA NTHAKA

Nanga m'dothi lija mudali chiyani? Mudali bowa. Musadabwe, abale. Bowa amene timazula nthawi ya dzinja ali ngati chipatso chabe. Thupi lake lenileni ndi ulusi woyera, wopyapyala ngati ulusi wa kangaude, umene umayanga m'dothi chaka chonse osaoneka. Munthu woyamba kufotokoza bwino za ubale wa ulusi umenewu ndi mitengo ndi Bambo A. B. Frank wa ku Germany. Boma la kwao lidamtuma kuti afufuze kalimidwe ka bowa wina wamtengo wapatali womera pansi pa dothi. Pofukula mizu ya mitengo ya m'nkhalango, adapeza kuti timizu take tating'ono tavala ulusi wa bowa monga chala chivalira mphete, koma mitengoyo njathanzi. Mu 1885 adatcha chinthu chimenechi dzina lakuti mycorrhiza, kuchokera ku mau a Chigriki otanthauza bowa ndi muzu.

Poyamba ambiri sadamkhulupirire, poganiza kuti bowa pamuzu ndiye nthenda. Koma ofufuza a pambuyo pake adatsimikiza kuti awiriwa amadyetsana. Mtengo umapanga shuga m'masamba ake pothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa, nutsitsako wina kumizu kuti bowa adye. Bowa naye amatumiza ulusi wake kutali, m'timing'alu ta dothi mmene muzu sungathe kulowa, natunga madzi ndi michere ya m'nthaka kupatsira mtengo. Mwa michere yonse, umene uvuta kwambiri ndi fosifolasi, chifukwa suyenda ndi madzi m'dothi monga ina. Makamaka dothi lofiira la katondo limaugwira zolimba, kotero kuti muzu ukadya wa pafupi, wina safika. Mu 1937 Bambo A. B. Hatch wa ku America adayesa mbande za paini zokhala ndi bowa kumizu ndi zina zopanda bowa, ndipo adapeza kuti zokhala ndi bowa zidali ndi fosifolasi woposa katatu, ndiponso nayitrojeni ndi potaziyamu wochuluka kuposa zinzake.

Apa tsono chinsinsi cha nazale zakale zija chaululika. Njere zidaoloka nyanja, koma bwenzi lake lidatsala kwao. Mbande inkakula masiku oyamba ndi kamba wa m'njere. Kambayo atatha, inkafa ndi njala ili pakati pa chakudya.

Amayi athu nkhani imeneyi aidziwa kale, ngakhale sadaiwerenge m'buku. Afunseni kumene amazula ndelema ndi manyame: adzakuuzani kuti ndi m'tsinde mwa mombo, tsamba, mchenga ndi msuku, ndiponso kuti pamene mitengo imeneyi yadulidwa nkuotchedwa makala, bowayo samerapo. Chifukwa chake nchomwecho: bowa ameneyu adya kwa mtengo, ndipo mtengo udya kwa bowa. Bowa womera pachulu ndiye nkhani ina, pakuti iye ubwenzi wake uli ndi chiswe. Dziwaninso kuti bowa wa paini ndi wina, wa msuku ndi wina. Nchifukwa chake dothi la m'thengo mwathu silidathe kuchiritsa paini wachilendo uja.

MUNDA WA MITENGO UMAGUGA KODI?

Mbande zitayamba kukula bwino, padabuka funso lachiwiri, limene mlimi aliyense angalimvetse. Munda wa chimanga ukalimidwa zaka zambiri popanda manyowa umaguga. Nanga munda wa mitengo, tikadula ndi kubzalanso, kudula ndi kubzalanso, kodi suguga?

Anthu a ku Germany ndiwo adayamba kulawa zimenezi. Alimi akumeneko ankasesa masamba ogwa m'nkhalango chaka ndi chaka, kukayala m'makola a ng'ombe zao. Pang'ono ndi pang'ono mitengo idayamba kufooka. Bambo Ernst Ebermayer wa ku Bavaria adayesa masambawo, ndipo mu 1876 adalemba buku loonetsa kuti michere yambiri imene mtengo umatenga pansi imabwereranso pansi ndi masamba oyoyoka. Wosesa masamba ndiye walanda nkhalango nkhokwe yake.

Ku South Australia kudachitika zina zoopsa mitima. Kumeneko adabzala paini pa dothi lamchenga, ndipo mbewu yoyamba idakula bwino kwambiri. Atadula, ankaunjika nthambi ndi masamba onse nkutentha kuti malo ayere, kenaka nkubzalanso. Mu 1966 Bambo A. Keeves adalengeza kuti mbewu yachiwiri ikuchepa pa yoyamba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ena adafulumira kunena kuti paini amaononga nthaka. Koma atafufuza mofatsa adapeza kuti mlandu waukulu uli ndi moto ndi udzu: moto unkadya chonde chapamwamba, ndipo udzu unkalanda mbande madzi ndi chakudya. Ataleka kutentha, nasiya nthambi kuti ziwolerane pomwepo, nayamba kupalira bwino, mitengo idabwerera mwakale.

Pafupi ndi ife, m'dziko la Swaziland limene kuyambira 2018 litchedwa Eswatini, muli nkhalango ya Usutu, imene idayamba kubzalidwa cha m'ma 1950 ndi paini yemwe uja wa ku Mexico. Kuyambira 1968 Bambo Julian Evans wa ku Britain adasankha malo ambiri m'nkhalangomo, nayesa kutalika ndi kunenepa kwa mitengo. Mitengoyo itadulidwa nkubzalidwa ina, ankabwereranso pamalo omwewo, ina ija itafika pa msinkhu womwewo, nayesanso. Adachita zimenezi zaka zoposa 30. Kuona maso a nkhono nkudekha. Adapeza kuti m'mbali zambiri za nkhalangoyo mbewu yachiwiri ndi yachitatu sizidachepe pa yoyamba. Chigawo chimodzi chokha ndicho chidatsika, ndipo atayesa dothi lake adaona kuti lidachokera ku mwala wamtundu wina wosauka fosifolasi. Atathira feteleza wa fosifolasi, mitengo ya kumeneko idachira.

Phunziro lake nali: munda wa mitengo suguga wokha, amaugugitsa ndi munthu. Thunthu limene timatenga kukachekera matabwa lili ndi michere pang'ono. Yambiri ili m'masamba, m'tinthambi ndi m'makungwa. Tikatenga thunthu nkusiya zinazo, tatenga pang'ono. Tikatentha zonse, nayitrojeni auluka ndi utsi, phulusa likokoloka ndi mvula yoyamba, ndipo ulusi uja wa bowa wokhala pamwamba upserera.

KANTHU KAKANG'ONO KOFANANA NDI MCHERE WA M'NDIWO

Pali michere ina imene mtengo umafuna pang'ono zedi, koma ikasowa, zonse zaonongeka. Abale athu a ku Zambia adaona bulugama wao wamng'ono akuuma kunsonga nthawi ya chilimwe. Mvula ikabwera ankaphukira m'mbali, nakhala wa mphanda ndi wokhota, wosayenera nsichi kapena thabwa. Poyamba adati ndi chilala chabe. Mu 1962 Bambo B. M. Savory adalemba kuti gwero lake ndi kusowa kwa mchere wotchedwa boroni, ndipo atayamba kuthirako pang'ono m'tsinde mwa mbande, kuumako kudachepa. Koma tikuchenjezeni: boroni akachuluka amapha mtengo. Musamthire mongoganiza, funsani alangizi a za nkhalango a m'dera lanu, pakuti iwo alandira malangizo ochokera kwa ofufuza a Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba.

Mtengo sulankhula, koma masamba ake amanena. Akachita chikasu onse, kuyambira akale a m'munsi, kawirikawiri ndi njala ya nayitrojeni. Akachita kufiirira ngati nthuza yakupsa, mbande nkukhala yopinimbira, kawirikawiri ndi fosifolasi. Nsonga ikamauma chilimwe chilichonse, ganizani za boroni. Koma musanaweruze, zulani mbande imodzi muone mizu, chifukwa chiswe ndi madzi odikha nazonso zimafiiritsa masamba.

CHIKANGAWA ATIPHUNZITSA CHIYANI?

Pa mapiri a Viphya padabzalidwa paini pa mahekitala pafupifupi 53,000, makamaka kuyambira 1964, ndi cholinga chakuti adyetse fakitale yopanga zipangizo za mapepala imene idayenera kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo siidamangidwe, koma mitengo idakula, ndipo nkhalangoyo idatchuka kuti ndi imodzi mwa zazikulu zobzalidwa ndi anthu mu Africa. Mtengo umene kale unkafera m'nazale udaphimba mapiri, chifukwa anthu adadziwa chofunika kumizu yake. Koma m'zaka zotsatira mbali yaikulu idatha ndi moto ndiponso kudula kosabwezera. Nzeru za ofufuza zingathe kumeretsa nkhalango, koma kuisunga kufuna manja a anthu okhala nayo pafupi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: kamunda kanu ka mitengo zana kangathe kupsa madzulo amodzi ndi moto wa ana osaka mbewa.

ZOTI TICHITE PAKHOMO

Tsono tiyeni titsike nazo nzeruzi kufika pa nazale yathu.

Choyamba, dothi la m'machubu likhale lapamwamba, lakuda ndi lofewa, losakaniza ndi mchenga pang'ono kuti madzi azidutsa, ndi manyowa owolerana bwino. Ndowe zaziwisi zimatentha mizu.

Chachiwiri, ngati mufesa paini, pitani pansi pa paini wamkulu wathanzi, kankhani masamba ouma, mutape dothi lapamwamba losapitirira kuya kwa chala, pamodzi ndi timizu take. Ngati mufesa masuku, tapani pansi pa msuku. Silifunika lambiri: gawo limodzi pa magawo khumi a dothi lanu likwanira. Pemphani kwa mwini malo, tapani apa pang'ono apo pang'ono, nimubwezere masamba pamene mwatapapo. Dothi limeneli ndi lamoyo. Musaliyanike padzuwa kapena kulisunga masiku ambiri, koma likhale lachinyezi pamthunzi kufikira mutalisakaniza. Pansi pa mtengo wodwala musatapepo, mungatenge nthenda.

Chachitatu, musachulutse feteleza m'nazale. Mbande yodya kwambiri imatalika msanga, yanthete ngati bango, mizu yake nkukhala yochepa. Ndiponso ofufuza adaona kuti feteleza akachuluka, bowa uja sagwira bwino kumizu. Mbande yabwino ndi yonenepa patsinde, ya masentimita 20 kufikira 30, ya mizu yambiri. Muzisuntha machubu kawirikawiri ndi kudula mizu yotulukira pansi, kuti isalowe m'nthaka ya nazale.

Chachinayi, pakatsala masabata ochepa kuti mukabzale, chotsani mthunzi pang'onopang'ono ndi kuchepetsa madzi, kuti mbande izolowere mavuto idakali pakhomo.

Chachisanu, kumbani dzenje la masentimita 30 m'lifupi ndi m'kuya momwe, dothi lapamwamba mulibwezere pansi pamene mizu idzafikira. Bzalani mvula itanyowetsa bwino nthaka, m'mwezi wa Disembala kapena Januwale, osadikira Malichi. Ng'ambani chubu mosamala kuti dothi lisagumuke, pakuti m'dothi limenelo ndimo muli bwenzi la mtengo wanu.

Chachisanu ndi chimodzi, palirani. Mbande ya bulugama makamaka siipirira udzu zaka ziwiri zoyamba. Udzu umene mwapalira muuyale mozungulira, motalikirako pang'ono ndi tsinde chifukwa cha chiswe.

Chotsiriza, lambulani njira yotchinga moto kuzungulira munda udzu usanaume, ndipo podzadula mitengo tengani thunthu ndi nthambi zazikulu, koma masamba, tinthambi ndi makungwa zitsale pomwepo ziwole. Ntchito ya moto ndiyo yosatheka munthu mmodzi. Kambiranani ndi a mfumu ndi anansi anu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ndipo ngati wina mwa inu akayika mau athuwa, sitimdzudzula ayi. Achite monga adachitira aja a ku Puerto Rico. Adzaze machubu makumi awiri, khumi athire dothi la pansi pa mtengo waukulu, khumi asathire, afese tsiku limodzi, athirire mofanana, ndipo ana a sukulu a pakhomopo aziyesa ndi kamtengo mwezi ndi mwezi nkumalemba m'kope. Ikadzafika nthawi yobzala, akhuthule chubu chimodzi cha mbali iyi ndi chimodzi cha mbali iyo, atsuke mizu m'mbale ya madzi, ayang'anitsitse timizu tofupika, tonenepa, ta mphanda, tokutidwa ndi ulusi woyera. Makolo athu adati mmera mpoyamba. Ofufuza angowonjezapo kuti poyambira penipeni ndi pansi, pamene maso saona.

Tsalani bwino, abale, ndipo mvula ya chaka chino ikupezeni mbande zili zokonzeka.